Msilikali wa Mbali Inayo

Mphatso ndi Tadala, ana anga, nkhani iyi bambo anu ankakonda kuifotokoza alendo akabwera kunyumba, koma ankaifotokozera kuti anthu aseke, ndipo ankalekezera pakati. Ine ndinkangowasiya chifukwa luso la pakamwa linali lawo. Tsopano poti anatisiya, ndipo m'nyumba muno mumakhala zii masana onse, ndaganiza zoilemba yonse mmene inayendera. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye musayembekezere Chichewa cha m'mabuku. Adzukulu anga akadzafuna kuimva mudzawamasulire, poti iwo ukawalankhula Chichewa amakuyankha m'Chingerezi.

Mulanje ndi Blantyre, ndisanakwere ndege

Ntchito yanga yoyamba inali yothyola tiyi pa esiteti ina ku Mulanje, ndili mtsikana. Tinkagwira m'magulu. Gulu lililonse linali ndi kapitawo wake, makapitawo anali ndi wamkulu wawo, ndipo pamwamba pa onsewo panali bwana amene tinkangomuona akudutsa pagalimoto. Esitetiyo inali ndi kachipatala kake, sitolo, chigayo, alonda, ngakhale manda. Munthu ankatha kubadwira momwemo n'kukalambira momwemo osadziwa kuti tiyi amene akuthyolayo akamwa ndani.

Nditakwatiwa ndi bambo anu tinasamukira ku Blantyre, kumene ndinapeza ntchito yokolopa m'wodi pachipatala china cha mishoni. Anamwino anali ochepa, choncho wokolopa ankasambitsanso odwala, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa phala. Manja anga anaphunzirira kumeneko ntchito imene inadzatidyetsa zaka zonse zotsatira. Bambo anu ndiwo anatsogola kubwera kuno ku London n'kupeza ntchito yoyendetsa basi. Ife atatu tinawatsatira pambuyo pake, inu mukali aang'ono, titavala majuzi ogula pakaunjika ku Limbe amene sanatithandize ngakhale pang'ono titatsika ndege.

Tottenham, zaka zoyambirira

Ndinayambira pa ejensi ina yotumiza anthu kukasamalira okalamba m'nyumba zawo. Bwana wake anali mayi amene ndinkangomumva pafoni. Ankakupatsa nthawi yochepa kwambiri pakhomo lililonse: ulowe, umudzutse munthu, umusambitse, umuveke, umupatse mankhwala ndi tiyi, uthamangire basi. Nthawi zina magolovesi ankatha, ndipo tinkagula tokha. Chimene chinkandipweteka si ntchito ayi, koma kutseka chitseko munthu akadali pakati pa chiganizo. Nkhalamba zambiri zinkakhala tsiku lonse osalankhula ndi wina aliyense koma ine, ndiye ine ndili diso pawotchi. Titapeza nyumba ku Woolwich ndinasiya ejensi ija, n'kulowa ntchito panyumba ina yosungira okalamba ku Lewisham. Kumeneko ndinakhalako mpaka tsiku limene ndinapuma.

Lewisham, Novembala wa chaka changa choyamba

Manijala wathu anali a Pauline, mayi wobadwira konkuno koma makolo ake anali a ku Jamaica. Anali wolimba koma wachilungamo. Anzanga a pa shifiti anali awiri. Misozi anali wa ku Chipata, mtsikana wa phokoso amene tinkalankhula naye chathu chomwechi. Halina anali wochokera kum'mawa kwa dziko la Poland, wamng'ono kwa ine, wogwira ntchito mwakachetechete, ndipo ndiye anandiphunzitsa hoisiti, makina aja onyamulira munthu amene sangathe kuima yekha. Lamulo la hoisiti ndi lakuti pakhale anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo. Ukanyamula wekha n'kupezeka, ntchito yatha.

M'chipinda chakumapeto munkakhala a Harry, nkhalamba yaitali, yoonda, yaulemu. Miyendo inali itafooka koma mutu unali bwinobwino. Akazi awo anali atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala kutali. Pakhoma panali chithunzi cha mnyamata wovala yunifolomu ya usilikali atagwira hatchi pakamwa. Ndinawafunsa ngati anali iwowo, anati inde. Chingerezi chawo chinali cholemera lilime, koma ine ndinali mlendo, azungu onse ankamveka chimodzimodzi m'makutu mwanga.

Linafika tsiku lokumbukira asilikali amene anafa pankhondo, pamene aliyense amavala kaduwa kofiira ka pepala pachifuwa. M'chipinda chochezera anakonza mipando, kutsogolo anaikako nkhalamba zimene zinamenya nawo nkhondo, zitavala mamendulo. Ndinaona kuti a Harry aiwalika. Zinandiwawa, chifukwa agogo anga aamuna anali mtengatenga pa nkhondo ya Chiwaya, ananyamula katundu wa azungu pamutu mpaka khosi linapindika, ndipo palibe anawaitanapo kutsogolo kulikonse. Ndinapita kuchipinda kuja, n'kuwapesa, n'kuwabaya kaduwa pajekete.

"Ayi, Esnart, ndisiye muno," anatero.

"Musachite manyazi, agogo. Lero ndi tsiku lanu."

"Ayi ndithu. Chonde."

Inu mukudziwa kuti kwathu mlendo akakana chakudya koyamba ndi kachiwiri, ndiye kuti ali ndi ulemu, umamukakamiza. Ndinaganiza kuti n'chimodzimodzi. Ndinakankha wilitcheya, mpando wawo wamatayala, mpaka kutsogolo, n'kuwaika pakati penipeni pa amamendulo aja, ine n'kuima kumbuyo ndikunyadira. Titatha mwambo wokhala chete polemekeza akufa, bambo wina amene anabwera kudzatsogolera mwambowo anayamba kugwira chanza nkhalamba iliyonse, akuifunsa gulu limene inali. Atafika pa a Harry, iwo akanatha kunama, kapena kunamizira kugontha monga ankachitira ena akafuna kuthawa mankhwala. Koma anakweza mutu n'kunena momveka kuti, "Ine ndinali mbali inayo. Gulu la asilikali oyenda pansi a Jeremani. Ndinkayendetsa mahatchi."

Bambo uja dzanja lake linatsala m'malere. A Pauline anabwera mwachangu n'kutulutsa wilitcheya ija okha. Misozi anandikokera kukhitchini.

"Imwe ba Esnart, mwachita chani? Uja mudala ni mu German! Simunazibe?"

"Ndikanadziwa bwanji? Dzina lake ndi Harry."

"Harry ni ya kuno chabe. Ni Heinrich uja. Manje mwamufaka pakati pa bantu bamene benze kulasana naye!"

Apa ndi pamene bambo anu ankathera, anthu akugubuduka ndi phwete. Koma tsikulo panalibe woseka. A Pauline ankadziwa za a Harry kuyambira kale, ndipo ankawasiya m'chipinda dala chaka chilichonse. Anatiitana tonse n'kulamula kuti nkhani ya nkhondo isamvekenso pakamwa pa wantchito aliyense m'nyumbamo. Halina, amene kwawo kunazunzidwa ndi asilikali a Jeremani pankhondoyo, anatsalira mu ofesi, ndipo kuyambira tsiku limenelo rota, ndandanda yathu ya ntchito, inakonzedwa moti iye asamalowe m'chipinda chakumapeto. A Harry nawo anasiya kudyera pamodzi ndi anzawo. Ine ndinapempha kuti chipindacho chikhale changa, poti ndine ndinawaika pambalambanda.

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho

Ndinawapepesa, iwo anangogwedeza dzanja. "Zaka zonsezi palibe anandifunsapo pagulu. Wina anayenera kufunsa," anatero. Koma kudya kunavuta. Ndinkakhala nawo ndi mbale, supuni ikuzizira. Tsiku lina, pofuna kuti atsegule pakamwa, ndinaloza chithunzi chija n'kufunsa kuti hatchi inkatani kunkhondo, poti pa TV timangoona akasinja. Ndinkadziwa kuti ndikuphwanya lamulo la a Pauline, koma munthuyo ankatha ndikumuona.

Anandituma kuti nditenge chitini chimene chinali m'kabati. Munali mabatani a malemu akazi awo, amene anali telala. Anawakhuthulira patebulo la pabedi n'kutola limodzi.

"Batani ili ndi anthu khumi. Amadya mphika umodzi, amagona dzenje limodzi, ali ndi mfuti imodzi ya chiwaya. Ukawaphatikiza angapo otere, ndiye kampani. Makampani anayi, batalioni. Mabatalioni atatu, rejimenti. Marejimenti atatu ndiwo msana wa divishoni. Ukumva?"

"Ndikumva. Idyani kaye supuni imodzi, kenako mupitirize."

Tinapangana choncho: supuni imodzi, mzere umodzi wa mabatani. Kwa milungu ingapo tebulo lija linkadzaza masana aliwonse. Mabatani akuda anali oyenda pansi, amkuwa anali a mizinga. Kumbali ankaikako ang'onoang'ono a malaya, n'kumawatchula: omanga milatho, okoka mawaya a telefoni, madokotala a anthu, madokotala a mahatchi, ophika buledi, opha ng'ombe, a positi, apolisi, khoti, ndi abusa awiri, wa Katolika ndi wa mpingo winawo. Anati onse pamodzi ankapitirira zikwi khumi, ndipo mahatchi anali masauzande, chifukwa mizinga, ufa ndi zipolopolo zonse zinkakokedwa pangolo, anthu akuyenda wapansi.

"Ndiye inali esiteti yoyenda," ndinatero, n'kuwafotokozera za ku Mulanje, makapitawo ndi chigayo ndi manda.

Anaseka koyamba chichitikire zija. "Eya, esiteti yoyenda. Nanga bwana wanu wamkulu munamugwirapo chanza?"

"Ayi."

"Nanenso wathu ndinamuona kamodzi, ali m'galimoto."

Anandiuzanso mbiri ya divishoni yawoyo. Inakhazikitsidwa iwo akadali pasukulu, ndi amuna a chigawo chimodzi, ambiri alimi, olankhula mofanana, odziwana maina a midzi. Inayenda wapansi kulowa m'dziko la France, kenako inatumizidwa kum'mawa, kumayiko ozizira kumene kumagwa sinowo, chipale choyera chija. Iwo anatengedwa ali mnyamata, ndipo poti anakulira pafamu anawapatsa ngolo ndi mahatchi awiri. Pofika kumeneko anapeza kuti mwa amene anayamba nayo otsala anali ochepa. Pofotokoza zimenezi ankakokolola mabatani ndi dzanja n'kumawagwetsera m'chitini. Divishoni itatheratu, akuluakulu anasunga nambala yake, n'kuidzazanso ndi tianyamata ndi amuna odwaladwala, rejimenti iliyonse n'kukhala ndi mabatalioni awiri okha. Anaitumizanso ku France, ndipo kumeneko a Harry anagwidwa. Anabwera kuno ngati mkaidi, analima m'mafamu a ku Kent, anakwatira mwana wa kuno, osabwereranso kwawo.

Ine nkhani za mfuti sizinkandikhudza kwenikweni. Ndine mayi, ndinaphikirapo anthu pamaliro ndi paukwati, ndimadziwa kuti chovuta pagulu ndi chakudya. Ndiye tsiku lina ndinaloza timabatani tija n'kufunsa kuti, "Nanga opha ng'ombewa, ng'ombe zake zinali za ndani? Munkayenda nazo kuchokera kwanu?"

Anabwezera mabatani onse m'chitini, n'kutseka, n'kunena kuti atopa. Chitinicho sichinatulukenso.

Chaka chachiwiri, dzuwa litabwerera

Kuseri kwa nyumbayo kunali kadimba kokwezedwa m'mabokosi kuti a pawilitcheya azifikira. A Harry anali ndi bokosi lawo la mbatatesi. M'mawa wina ndinawatulutsa kuti akathirire, ndipo ali chigwirire kachitini ka madzi anayamba okha.

"Unandifunsa za ng'ombe. Lamulo linali lakuti tizidya za m'dziko limene tili. Wina analemba lamulolo. Wina ankaloza mudzi pamapu. Wina ankaima ndi mfuti pakhomo. Wina ankapha, wina ankaphika. Aliyense kachigawo kake, moti panalibe amene ankadziona kuti ndi wakuba. Ine ndinali wa ngolo. Ndinkamangirira chingwe kumbuyo n'kumapita."

Anati tsiku lina, pobwerera m'mbuyo nkhondo itawatembenukira, anatenga ng'ombe yomaliza ya mayi wina, pamodzi ndi mbatatesi zake za mbewu. Mayiyo anagwira chingwe n'kumatsatira ngolo m'sinowo, mwana ali m'manja. Sankalira, ankangogwira. A Harry anatsika n'kumumenya zala ndi chigwiriro cha chikwapu mpaka anasiya. Madzulo ake mudziwo unatenthedwa kuti adani asapeze pogona. Amene anayatsa anali ena, koma udzu woyatsira unachokera pangolo yawo.

Ine ndinakulira kumudzi. Ndikudziwa chimene chimatsala pakhomo mbewu ikapita. Ndinaona manja aja amene ndinkawadula zikhadabo, ndipo mtima unandinyansa.

"Esnart, iwe ndiwe munthu wopemphera. Undikhululukire."

"Ng'ombeyo sinali yanga, agogo. Ndikakukhululukirani ine ndiye kuti nanenso ndaba."

Kenako anati, "Mtsikana uja wa ku Poland salowa m'chipinda mwanga. Ndikudziwa chifukwa chake. Ndikufuna ndimuuze zimenezi ndisanafe. Ungakandinenere?"

Ndinawauza kuti ndikaganiza. Lamulungu lake titaweruka kutchalitchi ndinawafotokozera bambo anu, iwo akupukuta nsapato zawo za kuntchito pakhonde paja.

"Ndiye mwasanduka ankhoswe a Jeremani, mayi a Mphatso? Kuchoka ku Mulanje konse kuja kudzakhala nkhoswe ya Jeremani!"

"Musaseke, bambo. Ndichite chiyani?"

Anaika nsapato pansi. "A Pauline analetsa. Ntchito ikatha, lendi ya nyumba ino sindingaithe ndekha. Ndiponso mtsikanayo ndi mnzanu, mukamutokosa pachilonda."

"Ndiye ndikane?"

"Sindinatero. Munthu wolakwa kwathu sapita yekha kukapepesa, amatuma munthu. Wotumidwayo sakakamiza, sakometsa, amangotula mawu. Kulandira kapena kukana n'kwa eni ake. Ngati mungathe kukatula osawonjezera mchere, pitani. Koma musapite chimanjamanja. Pamafunika nkhuku."

"Nkhuku ndiitenga kuti muno mu London?"

"Pamsika pa Woolwich zilipo zambiri, zosenda kale, zozizira ngati mwala."

Ndinawagenda ndi nsanza yopukutira nsapato. Koma mawu awo ndinawasunga. Nditawauza a Harry za nkhuku, anadabwa. "Nkhuku kulipira ng'ombe?" Ndinawafotokozera kuti nkhukuyo si malipiro, ndi yongosonyeza kuti wabwera wodzichepetsa ndipo ukupempha kuti akumvere. Anaganiza, kenako anati tidikire mbatatesi zikhwime. Zitakhwima anakumba okha ndi manja, n'kuzisankha, n'kuziika m'kathumba ka pepala.

Sindinafune kuchita mobisa, choncho ndinapita kwa a Pauline. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Esnart, ukandiuza kuti ukachita zimenezi muno, ndikukaniza. Zimene umalankhula ndi mnzako kunja kwa geti, shifiti itatha, si zanga. Koma Halina akabwera kudzadandaula, ndidzakuchotsa pansanjika ino, mwinanso m'nyumba muno. Wamva?"

"Ndamva."

Ndinamupeza Halina pamalo odikirira basi, dzuwa likadalipo. Ndinakhala naye pabenchi, n'kuika kathumba kaja pakati pathu. Ndinamuuza kuti ndatumidwa, ndipo ndinatula mawu onse mmene ndinawamvera: ngolo, chingwe, zala, udzu. Sindinanene kuti munthuyo ndi wokalamba, kapena kuti anali mwana nthawi imeneyo. Halina anamvetsera akuyang'ana msewu. Basi yake inabwera n'kupita.

"Mama Esnart, mukudziwa chimene mwanyamula?"

"Ndikudziwa pang'ono."

"Simukudziwa. Agogo anga anawatengera ng'ombe. Anawatenthera nyumba. Anakhala m'dzenje m'nkhalango nyengo yonse yozizira, ndipo mwana wawo woyamba anafera m'dzenjemo. Mpaka imfa yawo ankabisa buledi pansi pa pilo. Ndiye lero munthu akunditumizira mbatatesi?"

"Sakulipira. Akupempha kuti umumve."

"Akufuna afe mtima uli m'malo. Agogo anga anafa mtima uli m'malo? Ndipo inu, mwa anthu onse, inu amene ndimadya nanu!"

Anakwera basi yotsatira, imene sinali ya kwawo n'komwe. Kathumba kanatsala pabenchi. M'mawa mwake ndinakaika pashelefu m'chipinda chathu chopumira, ndipo a Harry ndinawauza zoona, kuti mawu afika koma yankho palibe. Anangogwedeza mutu.

Kwa a Pauline Halina sanapite, koma ine anasiya kundilankhula, kupatula za ntchito. Tinkadutsana m'khonde ngati anthu okwera sitima imodzi. Zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo masiku ena ndinkafika kunyumba n'kuwauza bambo anu kuti uphungu wawo wanditayitsa mnzanga. Mbatatesi zija zinakhala pashelefu mpaka zinayamba kumera. Tsiku lina Misozi anazitenga.

"Izi mbatatisi ni za ndani kansi? Nizapanga machipisi ine."

"Zisiye," anatero Halina, osatukula mutu pa kapu yake ya tiyi. Misozi anazibwezera msangamsanga. Patapita masiku sindinazionenso, ndipo sindinafunse.

Chaka chomwecho, masamba akugwa

Chimfine chinalowa m'nyumbamo. Misozi anagona, ena awiri anagona, a ejensi analonjeza munthu amene sanabwere, ndipo a Pauline anali kumsonkhano. Pansanjika yonse tinatsala awiri, ine ndi Halina, aliyense mbali yake. Titatha kadzutsa ndinalowa m'chipinda chakumapeto n'kupeza a Harry ali pansi, atatsetsereka pampando pofuna kutola magalasi. Sanavulale, koma ankanjenjemera, ndipo anali atadzinyowetsa. Ndinawafunditsa bulangete n'kubweretsa hoisiti.

"Ndinyamule wekha, Esnart. Sindiuza munthu."

"Ayi. Mukandipulumuka, chiuno chithyoka."

"Usamuitane. Asabwere chifukwa chokakamizidwa."

Dzina lake sindinaliitane. Ndinangodina belu la ngozi, limene limalira m'khonde monse, n'kugwada pambali pawo. Ndinamva mapazi akubwera mothamanga, kenako anaima pakhomo. Halina anayang'ana nkhalamba ili pansi, anayang'ana ine. Anavala magolovesi n'kulowa.

Tinagwira ntchito mmene anandiphunzitsira. Anawafunsa ngati akumva kupweteka, anawagwira chiuno ndi mutu, tinawagubuduza, tinalowetsa lamba pansi pawo, iye kumanzere ine kumanja. Makina anawakweza pang'onopang'ono, miyendo ikulendewera. Tinawasambitsa, tinawasintha, tinawakhazika pampando. Nthawi yonseyi a Harry maso anali otseka. Pamene Halina anawerama kuti amasule lamba, anawatsegula.

"Mayi," anatero, "ine ndinatenga..."

"Ndinamva kale. Mudzi wake unali uti?"

"Sindikudziwa. Inali yambiri."

"Mayi uja dzina lake anali ndani?"

"Sindinafunse."

Halina anawongoka, manja ali m'chiuno. Ndinaganiza kuti atuluka. Koma anakoka kampando n'kukhala moyang'anizana nawo, maondo atatsala pang'ono kugundana.

"Mwina sanali inu amene munafika kwathu. Mwina anali wa ngolo wina. Kwa ine n'chimodzimodzi. Agogo anga dzina lawo linali Bronisława. Mwana wawo anali Janek. Nenani."

A Harry anayesa, koma monong'ona.

"Sindinamve. Nenaninso."

"Bronisława. Janek."

"Janek anali asanayambe kuyenda."

Nkhalamba ija inalira ngati mwana, ndipo Halina anaisiya kuti ilire. Sanaigwire dzanja. Ine ndinali chiimire ndi thaulo, osadziwa poyang'ana. Patapita nthawi iye anaimirira.

"Sindinakukhululukireni. Oti akhululuke anapita. Koma ndamva. Kwezani mkono, ndichotse lambayu."

Anakweza mkono. Tinapinda lamba, tinakankhira hoisiti m'khonde, ndipo mabelu ena awiri anali akulira kale. Ndisanakhote kupita mbali yanga, Halina anandigwira pachigongono.

"Mama Esnart, mawa tiyambire chipinda chimenechi. Munthuyu ndi wamtali, msana wanu sungathe."

Tinayambiradi chipinda chimenecho m'mawa mwake. A Pauline ataona rota itasinthidwa ndi bolopeni anatiyang'ana tonse awiri, osafunsa kanthu. Halina sanawasekererepo a Harry ngakhale tsiku limodzi, ndipo za nkhondo sizinatchulidwenso, koma m'mawa uliwonse wa shifiti yathu ankagwira mbali yake ya lamba, mpaka pamene a Harry anamwalira kuzizira kutayambanso. Thupi lawo tinalisambitsa awiri, iye kumanzere ine kumanja.